Masamba Amene Mwanasha Anasiya

Area 1, Lilongwe
14 Seputembala 1975

Chemwali anga a Kulusumu,

Salaamu aleikumu. Ndikufunsa za moyo wanu ndi wa onse pakhomo ku Nkhotakota. Mwendo uja ukuvutabe? Kusala kukuyenda bwanji ndi dzuwa la kwanuko? Kuno tili bwino, kungoti fumbi. Chiyambire boma kusamuka ku Zomba mathirakita sapuma, ndipo pofika nthawi yomasula munthu umakhala utameza kale dothi lodzaza mbale.

Nkhani ndi iyi: chaka chino ndikupita ku Makka. Dzina langa lalembedwa, pasipoti yatuluka, katemera ndabayitsa mikono yonse iwiri. Ndinyamuka pa 26 Novembala pa basi ya ku Blantyre, kenaka ndege pa Chileka. Musaseke, chemwali, koma akundipititsa ndi anthu a ku Zomba omwewa. Amabwera pakhonde panga akudandaula kuti Lilongwe ndi tchire, kulibe phiri, kulibe mthunzi, koma aliyense akufuna suti yatsopano yolowera mu ofesi yatsopano. Makina anga osokera sanazizirepo chiyambire Januwale.

Koma mtima sukukhazikika. Ine kuyenda kwanga konse kunathera pa Salima ndi Limbe. Akuti kumeneko anthu amachuluka ngati nyerere, zilankhulo zosamveka, ndipo nkhalamba zimasochera pakati pa mahema ofanana. A Sefu, mnzanga wa ku mzikiti amene anapitako zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ukawafunsa amangoti, "Ukaona konko, Sumaila," n'kuyamba kulira. Misozi yawo ndi yabwino koma singandionetse njira. Ndiye poti safunsa anadya phula, ndakhala ndikusakasaka mabuku a ulendowu, ndipo tsopano ndili nawo anayi.

Loyamba ndi la Chiswahili, la malemu bambo athu, lija lonunkha lubani. Ndimalimva pang'ono, koma likunena zokwera chombo cha matanga ndi kusankha ngamira yosaluma. Lachiwiri anandipatsa mzungu wa ku Area 10 amene ndimamusokera makabudula. Ndi lolemera ngati njerwa ziwiri, lodzaza zithunzi za mchenga. Lachitatu ndinalitola ku ofesi ya ndege ku City Centre, lonyezimira, muli mahotela ndi anthu akumwetulira popanda chifukwa. Lachinayi ndabwereka kwa mmwenye wogulitsa nsalu pa Bwalo la Njobvu; laling'ono, chikuto chobiriwira, lopanda chithunzi ndi chimodzi chomwe. Atatu omalizawa ndi a Chingerezi, ndipo Chingerezi changa mukuchidziwa, chimathera pa mainchesi. Mmwenyeyo alibe nthawi, ndipo Chichewa chake ndi cha pa kauntala basi.

Ndimawayala pa tebulo lodulira nsalu, kutsegula ili, kutseka ilo, mpaka dzulo ndafupikitsa mkono wa jekete ya munthu. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga anayi? Makalaliki amene amabwera pano sindingawapemphe, ndi Akhristu, angakandiseke m'maofesi mwawo. Ngati mukudziwa mphunzitsi wachisilamu kumeneko wodziwa Chingerezi, amene angandisankhire limodzi n'kundimasulira, mundiuze msanga.

Ndine mlongo wanu,
Sumaila

*

Nkhotakota
22 Seputembala 1975

Achimwene,

Waleikumu salaamu. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatu ndikuvina chokhala chifukwa cha mwendo. Mulungu ndi wamkulu! Bambo athu anafa akungolota za ulendo umenewu, lero mwana wawo akwera ndege. Mbumba yonse yamva, ndipo amayi a kuno ayamba kale kundipatsa maina oti mukawatchule kumeneko. Mukhululuke kalembedwe, dzanja langa ndi la sukulu ya kwacha, zilembo zimayenda chammbali ngati nkhanu. Inu mukudya mokwanira pomasula, kapena ndi tiyi ndi mkate monga mwa nthawi zonse?

Mphunzitsi alipo. Dzina sinditchula, ndi munthu wamanyazi, koma Chingerezi amachidziwa ngati anabadwa nacho, ndipo swala, mapemphero athu, anaiphunzira ali wamng'ono. Mangani mabuku onse anayi mutumize kwa ine, zotsalazo mundisiyire.

Koma achimwene, ndifunse. Mwalemba masamba awiri odzaza, mwatchula ngamira, mzungu ndi jekete, koma Mwanasha simunamutchule. Mwana muli naye ndi mmodzi yekhayo. Zaka zisanu zakwana chikwatiwire ndi Everson, Mkhristu uja, inu osamulankhula. Zitatu zakwana chimwalirire mayi ake, maliro amene iye anawamva ku Zomba manda atauma kale. Mukwera ndege osamutsanzika? Chibale ndi fupa, sichiola. Ndanena, kaya mukwiya.

Mlongo wanu,
Kulusumu

*

Nkhotakota
4 Okutobala 1975

Mwana wanga Mwanasha,

Landira moni wa azakhali ako. Uli bwanji, ndi bambo a kunyumba a Everson? Mwazolowera nyumba yatsopano ku Area 18? Chilembere kalata ya mu Meyi uli zii, ngati kuti ku Lilongwe positi sanamange.

M'phukusi ili muli mabuku anayi a bambo ako. Akupita ku Makka pa 26 Novembala, ndipo akufuna wina awasankhire buku lothandiza ndi kuwamasulira m'Chichewa. Ndawanamiza, m'mwezi wa Ramazani womwe uno, kuti kuno kuli mphunzitsi. Mulungu andikhululukire, mphunzitsiyo ndiwe. Iwo akuganiza kuti ukadali ku Zomba, ndipo ine sindinawauze kuti ofesi yanu nayo inasamuka.

Ndinawakumbutsa za iwe. Yankho linabwera pa kapepala kakang'ono pamwamba pa mabuku: "Mabuku ndi awa. Za ku Zomba sindinakufunseni." Ukuwadziwa bambo ako, ndi mtengo wa tsanya, nkhwangwa imachita kubwerera. Koma akalamba, mwana wanga, ndipo si onse opita kumeneko amene amabwerako. Ukakana sindikukakamiza, ungobweza phukusi. Ukalola fulumira, masiku akutha. Ukamaliza utumize kwa ine, ine ndidzatumiza kwa iwo, chidindo cha positi chikhale cha kuno.

Undilembereko nkhani, ngakhale za nkhuku za anansi ako.

Azakhali ako,
Kulusumu

*

Area 18, Lilongwe
19 Okutobala 1975

Azakhali,

Ndakondwa kumva kuti muli moyo, ndipo pepani chifukwa chokhala chete. Idi munadya bwanji? Mwendo ukuti chiyani? Ife tili bwino, a Everson akupereka moni. Kuzolowera ndiye ayi. Nyumba za kuno n'zofanana ngati mazira, mitengo yake ndi yolekeza m'chiuno, ndipo mwezi woyamba ndinalowapo kawiri pakhomo pa eni ake. Ku Capital Hill timatayipa mawindo ali otseka chifukwa cha fumbi, mafayilo ena akadali m'makatoni chichokere ku Zomba.

Phukusi lanu linandiseketsa, kenaka linandiliza. Mabuku ayenda mamailosi oposa mazana awiri kuti angowoloka mlatho umodzi wa Lilongwe. Ine Loweruka lililonse ndimapita kumsika ku tauni. Ndimadzera njira ya kuseri, koma kawiri ndaima pa ogulitsa mbaula n'kuwaona ali pakhonde, atawerama pa makina, tepi ili m'khosi. Mutu wayera, azakhali. Ndinaima mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikugula kapena ndikulondera.

Ndinati ndibweze phukusilo. Uthenga umene ndinalandira nthawi ija unali woti amayi anamwalira mwadzidzidzi, ndipo poti kwathu sitigoneka maliro, mpata wondiitana panalibe. Chabwino. Nanga sadaka ya masiku makumi anayi, nayonso inali yadzidzidzi? Mpaka lero manda a mayi anga sindiwadziwa. Koma a Everson anati, "Amayi, munthu wamkulu akakasochera kuchilendo, inu mtima udzakhala m'malo?" Ndiye ndachita.

Ndasankha chonchi. Buku lililonse ndinalifunsa mafunso atatu: wolemba anapitako yekha? Anapita liti? Nkhalamba ikasochera dzuwa lili pamutu, bukuli liithandiza? La agogo ndi lokoma koma ngamira zake zinafa kalekale, alisunge pakhomo. La mzungu, wolemba wake mu Makka sanalowe n'komwe, anangozungulira m'chipululu akuyeza kutentha. La ku ofesi ya ndege likudziwa mabedi a anthu olemera, silidziwa kumene munthu wamba angapeze madzi. Laling'ono lobiriwira ndiye buku. Linasindikizidwa chaka chatha, wolemba anapitako katatu, ndipo akunena ngakhale za nsapato, kuti uzinyamule m'kathumba polowa mu mzikiti waukulu, chifukwa zitseko n'zambiri ndipo sudzatulukira pomwe unalowera.

Ndalitayipa m'Chichewa nthawi ya nkhomaliro ndi poweruka, mizere yotalikirana chifukwa cha maso awo. Mapepala ndawadula pakati kuti kabukuko kalowe m'lamba, poti nsalu za ihramu zimene amuna amavala kumeneko zilibe thumba kapena msoko. Kumapeto ndaika mawu a Chiarabu ofunsira madzi, njira ndi dokotala. Sitepula inakana kuboola, ndiye ndasoka ndi ulusi. Kakuyambira pa kulongedza sutikesi mpaka tsiku lobwerera. Mabuku anayi aja ndabweza limodzi.

Musawauze kuti ndine. Ndikupemphani.

Mwana wanu,
Mwanasha

*

Area 1, Lilongwe
9 Novembala 1975

Chemwali,

Salaamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino, poti munthu wodwala sapeza mphamvu zonamizira mlongo wake.

Kabuku kanafika Lolemba. Ndinakondwa, sindikana. Ndinaphimba makina dzuwa likadali pamutu n'kukhala pansi kuwerenga. Chichewa chake chomveka ngati munthu akukulankhula ali pambali pako: apa imwa madzi, apa usathamange, apa gwira lamba wa mnzako. Ndinaseka ndekha nditafika poti ine, telala amene ndasoka zaka makumi atatu, ndikaima pamaso pa Mulungu ndi nsalu ziwiri zosasoka. Ndinati mphunzitsi ameneyu ndimusokera mkanjo waulere.

Ndiye ndinatembenuza kabukuko kuona kumsana kwake. Chemwali, ine zilembo zikhoza kundinamiza, koma msoko ayi. Ulusi wobwerera m'mbuyo kawiri pa bowo lachitatu lililonse, mfundo yobisidwa mkati. Kasokedwe kameneko ndinakapeka ndine, ndipo ndinaphunzitsa munthu mmodzi yekha, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atakhalira chitini cha mabatani. Mphunzitsi wanu wamanyazi ndamudziwa.

M'mawa mwake ndinafunsa kalaliki wina wodzayesa thalauza ngati akumudziwa Everson Chikaonda wa ku Zomba. Akuti, "Wa ku Zomba? Ali ku Area 18 chiyambire Epulo, madamu awo amatayipa ku Capital Hill." Miyezi isanu ndi iwiri! Mwana wanga akupuma fumbi limodzi ndi ine, inu mukudziwa, kalaliki akudziwa, mbuli ndine ndekha.

Ngakhale zinali choncho, mtima unayamba kufewa. Ndinati mwina kabukuka ndiye moni wake. Lachisanu titatuluka mu mzikiti ndinawawerengera a Sefu. Anamvetsera akugwedeza mutu, kenaka akuti, "Tabwerera poyamba. Kakuyambira pa sutikesi? Ulendo wa Haji suyambira pa sutikesi, Sumaila." Tinapita kwa mmwenye mwini buku. Anatsegula lobiriwira lija, anawerenga, n'kutiuza m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti mutu woyamba, masamba asanu, wonse ukunena chinthu chimodzi: usananyamuke, pita kwa aliyense amene unamulakwira ukapemphe chikhululuko maso ndi maso, poti Mulungu amakhululuka zake, koma za munthu amasiyira mwini wake. Mwanasha anatayipa za nsapato, za ambulera, za mankhwala a m'mimba, koma masamba asanu amenewo anawalumpha.

Ndamva. Sindine mwana. Akundiuza kuti, pitani ku Makka kwanuko, njira ndi iyi, koma pakhomo panga musapondepo. Wanditsekera chitseko mwaulemu, ndi makina a boma. Ndiye ine ndikagwade pa khomo lotseka? Sindipita. Zandipweteka, chemwali, sindibisa, koma musandilemberenso za iye.

Kusoka kwandikanika, ndimangotuluka ndi kulowa, anthu a suti ayamba kung'ung'udza. Masiku atsala khumi ndi asanu ndi awiri.

Sumaila

*

Nkhotakota
14 Novembala 1975

Mwanasha,

Moni, ndipo undiyankhe tsiku lomwe ulandire kalata ino. Zaululika. Bambo ako azindikira msoko wako, adziwa kuti uli ku Area 18, ndipo apeza kuti unasiya mutu woyamba, wa kupempha chikhululuko. Ine ndimati ndikuluka mphasa, osadziwa kuti wina akusolola kunsi.

Unachitiranji zimenezi, mwana iwe? Masamba amenewo ndiwo akanawabweretsa kwa iwe! Iwo akuti wawatsekera chitseko. Ngati ndi choncho nena, ndileke kuvutitsa mwendo wanga ndi njira ya ku positi. Ngati si choncho kwera basi, ku tauni si kutali. Awirinu ndinu amodzi, mukadakhala mbuzi ndikadakumangani chingwe chimodzi mpaka mutazolowerana.

Mvula yayamba mwamphamvu kuno, basi ya dzulo sinafike.

Azakhali ako,
Kulusumu

*

Area 18, Lilongwe
24 Novembala 1975

Azakhali,

Moni. Kalata yanu ya pa 14 yafika lero, envulopu ili matope okhaokha. Akuti mabasi anakhala masiku angapo kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Ikadafika msanga mwina ndikadakonzeka. Inu muli bwanji ndi mvulayo, denga likupirira?

Mwafunsa chifukwa. Masamba aja ndinawatayipa, azakhali, oyambirira penipeni, kenaka ndinawachotsa ndisanasoke. Chitseko sindinatseke. Ndinaopa kuti ababa abwera chifukwa buku lalamula, ngati munthu wochonga mndandanda wa ulendo: pasipoti, katemera, Mwanasha. Ndinkafuna kuti akabwera, abwere ndi miyendo yawo. Ndinkaopanso kuti akandipempha, pakamwa panga padzakana.

Anabwera. Lachinayi nthawi ya nkhomaliro mlonda anandiuza kuti panja pali bambo wa mkanjo amene wakhala pa masitepe kuyambira m'mawa. Ndinawapeza atafumbata chisoti, mapazi ofiira ndi dothi. Akuti anayamba Lolemba kuyenda mu Area 18 kufuna nyumba yathu, poti nkhani zotere si za ku ofesi. Masiku atatu, khomo ili ngati khomo ilo, iwo osafuna kufunsa munthu, mpaka anagonja.

Ndinagwada kuwapatsa moni, a mu ofesi akusuzumira pa mawindo. Tinapita pansi pa kamtengo kopanda mthunzi. Ndinati, "Ababa, mwabwera chifukwa cha masamba aja?"

Iwo akuti, "Masamba aja anangondikwiyitsa. Zimene akunena ndinkazidziwa kale, shehe aliyense amanena. Koma Loweruka ndinakagula nsalu zoyera za ihramu. Nditaziyala pa tebulo kuti ndidule, manja anakumbuka. Nsalu yoyera yosafuna singano imene ndinaidula komaliza pa tebulo limenelo ndi sanda yokulungira mayi ako."

Kenaka ananena zimene sindinkayembekeza. Amayi sanamwalire mwadzidzidzi, azakhali. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi akundiitana. Tsiku loyamba amayi anawatuma ababa ku positi kukatumiza telegalamu ku Zomba. Iwo anafika pa kauntala, analemba, n'kupinda pepalalo kuika m'thumba chifukwa cha mkwiyo wa ukwati wanga. Pobwerera anati, "Ndatumiza, akubwera." Tsiku lililonse amayi ankafunsa ngati basi ya ku Zomba yafika, ndipo anatsikira kuli chete akuganiza kuti ndamva koma ndakana. Ku sadaka ababa sanandiitane poopa kuti azimayi amene ankadwazika matenda aja adzandifunsa chimene chinandiletsa kubwera, bodza n'kuululika.

Inu munkazidziwa zimenezi? Ndikhulupirira ayi.

Anamaliza ndi mawu awa: "Ndikadakupempha osakuuza, mwina ukadavomera mosavuta. Koma chikhululuko chakuba sindingapite nacho kumene ndikupitako. Mwanasha, ndikhululukire."

Ndinkayesa kuti bala langa ndikulidziwa kukula kwake. Ndinaimirira, ndinabwerera mu ofesi, ndinatayipa kalata imodzi kanayi, kanayi konse yolakwika. Pa windo ndinawaona akutsika msewu wautali uja wapansi, osadikira basi.

Chiyambire tsiku limenelo sindikhala pansi. Ndasesa mosesa kale, ndachapa zochapa kale, ndakwera basi ya ku tauni kawiri n'kutsikira panjira. Ndakwiya, azakhali, ndakwiya kwambiri, komanso ndikuopa kuti akafera kumeneko yankho lawo lili m'kamwa mwanga. Anyamuka mkuja. Kalata ino idzakupezani zonse zitachitika kale, ndangofuna kuti wina adziwe.

Mwana wanu,
Mwanasha

*

Area 18
25 Novembala 1975

Ababa,

Moni. Mwadzuka bwanji? Mwalongedza? Kalata ino abweretsa pamanja ndi a Everson, mkamwini wanu. Muwalandire, muwapatse pokhala.

Yankho limene munapempha silili m'kalata muno. Amene munawanamiza koyamba si ine. Basi yanu inyamuka naini koloko, ndiye mawa dzuwa likamatuluka tikumane kumanda. Ndikudziwa kuti akazi sitilowa, ndidzaima pa mpanda. Inu mukalowe, mukaime pamene agona amayi kuti ndipaone, ndipo mukawauze zimene munandiuza ine. Mukalankhule mokweza, ndimve ndili pampandapo.

Mwana wanu,
Mwanasha

*

Limbe
27 Novembala 1975

Chemwali anga a Kulusumu,

Salaamu aleikumu. Ndikulemba ndili ku Limbe kwa anzathu a ulendo, ndege ndi mawa. Mundilembere za kwanuko, mpunga ngati mwafesa, kalatayo ikandidikire pa shopu. Mawu anga oipa a m'kalata yapita ija mukhululuke. Za telegalamu Mwanasha akuti wakulemberani, ndiye sindibwereza, manyazi ake ndi anga.

Anandiitana kumanda dzulo m'mawa, kuti ndikawauze mayi ake zoona iye akumva. Ndinapita nditangomaliza swala ya m'bandakucha, ndipo ndinawapeza ali kale pa mpanda, iye ndi mwamuna wake. Ndinalowa ndekha. Manda a malemu ali kumapeto, pafupi ndi mtengo wa mthethe, patali ndithu ndi mpanda. Udzu unali utamera, ndinachita manyazi. Ndinakweza dzanja kuti aone malo, ndinapereka salaamu kwa ogona, kenaka ndinayesa kulankhula. Mawu anatuluka aang'ono. Ndinangomva kuchokera kumpanda, "Sindikumva, Ababa."

Chemwali, ndinafuula ngati woitanira basi. Anthu opita kuntchito anaimika njinga zawo pamsewu. Ndinati, "A make Mwanasha! Telegalamu ija sindinatumize! Ndinakunamizani masiku asanu ndi limodzi! Mwana wanu sanakukaneni, sanamve! Ndi uyo waima apoyo, wabwera!"

Ndinakhala pa dothi lonyowa ndi mkanjo wanga wa paulendo, ndikulira ngati mwana. Anadzanditenga ndi Everson, munthu amene zaka zisanu sindinamupatsepo dzanja. Anavula chipewa ndi nsapato zomwe, mwambo wathu osaudziwa koma poopa kulakwa, n'kundigwira m'khwapa mpaka kumpanda.

Mwanasha anali atagwira waya ndi manja onse awiri, maso ali ku mthethe kuja, ine osandiyang'ana. Tinaima nthawi yaitali. Ndinkamva mabasi akulira ku depoti koma sindinasamale. Ndinali nditatsimikiza kuti akapanda kuyankha, sutikesi ibwerera ku shopu, Makka ya chaka chino ipite ndi ena. Kenaka anapukuta nkhope ndi chitenje, akuti, "Amayi amva, inenso ndamva. Ndakukhululukirani, Ababa, pitani. Koma mukabwereko, chifukwa kukwiya sindinamalize, ndili ndi zambiri zoti ndidzakuuzeni."

Basi tinaipeza ikutuluka kale pa geti, mkamwini wanga akuthamanga patsogolo sutikesi ili pamutu.

Ndege ndikuiopa, khamu la anthu ndikuliopa, dzuwa la kumeneko ndikuliopanso. Koma pemphero limene ndikufuna kwa inu ndi limodzi, chemwali. Mundipempherere ndikabwereko wamoyo, mwana uja adzandikalipire.

Mlongo wanu,
Sumaila